Mwana wa zaka 9 akuti avale ma contact lens: ndilole kapena ndikane?

MayiWaAwiri:
Abale a pagulu, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndipo saona bwino zinthu zakutali. Tinazindikira ali ndi zaka 6, aphunzitsi ake atatiuza kuti akamakopera za pa bolodi amachita kufinya maso, kenako amadzuka n'kukaima kutsogolo. Magalasi ake oyamba anali a mphamvu ya -1.50. Chaka chatha anafika -2.50, ndipo sabata yathayi takayezetsanso, akuti diso lamanja -3.50, lamanzere -3.25. Amene anamuyezawo akuti masowa akuthamanga kwambiri, ndiye tiganizire za ma contact lens, timagalasi topyapyala toika pa diso penipeni, apadera omwe amachedwetsa vutoli. Ine mtima wanga wakana. Mwana yemwe mpaka lero ndimachita kumukumbutsa kutsuka mano, ndiye azikatola kanthu ndi chala n'kukaika pa diso? Bambo ake akuti tiyesere. Mwiniwake ndiye wasangalala zedi, akuti watopa ndi magalasi omangogwa akamasewera mpira. Alipo pano amene anadutsamo?

Agogo Osagona:
Mwana wanga, diso si malo oseweretsa. Kachitsotso kokha kakagwera m'diso, munthu wamkulu ndi ndevu zake amalira ngati khanda, ndiye kapulasitiki tsiku lonse? Komanso ine ndinamva kuti kanthuko kamatha kutsetsereka n'kupita kuseri kwa diso mpaka ku ubongo. Musiyeni ndi magalasi ake, akadzakula adzasankha yekha.

Wovala Contact:
Agogo, za kuseri kwa disozo musaope. Ine ndavala ma contact zaka 14 tsopano. Mkati mwa chikope muli kakhungu kopyapyala komwe kamapinda n'kukaphimba choyera cha diso, ndiye pamakhala ngati kathumba kosoka kumapeto. Njira yodutsira palibe. Chomwe chimachitika n'choti ukafikisa diso mwamphamvu, lens imapindika n'kukabisala m'mwamba pansi pa chikope. Zinandichitikirapo kawiri. Umadontheza timadzi ta m'maso, n'kuyang'ana pansi, n'kusisita chikope pang'onopang'ono, imatsika yokha. Ndipo siifanana ndi chitsotso ayi. Chitsotso chimakanda, pomwe lens yofewa ndi yosalala komanso yonyowa. Tsiku loyamba umaimva kuti ilimo, pofika lachitatu umaiwala.

Agogo Osagona:
Chabwino, za ubongozo ndabweza mawu. Koma za ukhondo wa mwana sindinabweze.

Woyeza Maso:
Amayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi yoyeza maso, koma mwana wanu sindinamuone, ndiye munditenge ngati mnzanu wa pagulu chabe.

Tiyambe ndi chomwe chikuchitika m'disomo. Diso la mwana wanu likukula mopitirira. La munthu wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Likatalika kuposa muyezo wake, kuwala kochokera kutali kumakumana kusanafike pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso komwe chithunzi chimagwera, ndiye munthu amaona mwachimbuuzi. Milimita imodzi yokha yowonjezera imabweretsa pafupifupi -2.50 kapena -3.00. Magalasi wamba amakonza chithunzicho, mwana n'kumaona bwinobwino, koma diso limapitirizabe kutalika.

Mwina muti, nanga vuto lili pati, si tizingomusinthira magalasi chaka ndi chaka? Vuto lake diso lotalika kwambiri lili ngati chibaluni chopopedwa mopyola, kansalu kaja kamapyapyala. Munthu akafika -6.00 kapena kupitirira, chiopsezo choti retina idzang'ambike kapena kumatuka ali wamkulu chimakwera, chimodzimodzinso glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, ndi ng'ala yobwera msanga. Kawirikawiri diso limadzakhazikika munthu akuyandikira zaka 20. Mwana wanu akukwera pafupifupi -1.00 pa chaka ndipo ali ndi zaka 9 zokha. Werengani nokha.

Ma contact amene akunenawo ayenera kuti ndi a mtundu wa MiSight kapena ofanana nawo. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza MiSight mu 2019, kwa ana oyamba kuwavala ali ndi zaka 8 mpaka 12. Anawayesa kwa zaka zitatu pa ana 144 a ku Canada, Portugal, Singapore ndi UK, ndipo mwa ana omwe anawavala, mphamvu ya magalasi inakwera mochepera ndi 59 peresenti poyerekeza ndi anzawo ovala ma contact wamba. Koma mumve bwino: amachedwetsa, sachiritsa. -3.50 uja sadzabwereranso m'mbuyo.

Za zaka 9 zija, ine sindiwerenga zaka. Ndimayang'ana m'zikhadabo za mwana, ndimaona ngati akumvera ndikamalankhula, ndipo ndimamufunsa payekha ngati akufunadi kapena ndi makolo akumukankha. Ndaona ana a zaka 8 osamala kuposa anyamata a zaka 19.

MayiWaAwiri:
Zikomo kwambiri, tsopano ndiye ndamva. Kuchipatala anandifotokozera koma mutu unali utaima. Funso langa: kapulasitiki kangauze bwanji diso kuti lisakule?

Woyeza Maso:
Kali ndi mizere yozungulira yomwe simungaione ndi maso. Mbali ina imakonza chithunzi kuti mwana aone bwino, mbali ina imagwetsera dala kuwala kwina kutsogolo pang'ono kwa retina. Diso likamakula limatsatira komwe kuwala kukugwera. Kukamagwera kumbuyo limatalika kukulondola, kukamagwera kutsogolo limachepetsa liwiro. N'chifukwa chake amafunika kuvalidwa maola ambiri pa tsiku, masiku 6 kapena 7 pa sabata. Kuvala Loweruka lokha popita ku mpira sikuthandiza.

Mphunzitsi Wopuma:
Ine ndaphunzitsa ana a msinkhu umenewu zaka 31, ndiye ndilankhulepo za kusukulu, poti kunyumba mayi amakhalapo koma kusukulu sakhalako. Mwana akatuluka pa buleki amagwira chilichonse. Dothi, mpira, inki, mamina a mnzake. Kenako diso likamuyabwa amalowetsa chala. Nanga lens ikagwa m'kalasi, kapena fumbi likalowa pansi pake, amuthandiza ndani? Mphunzitsi ali ndi ana ambirimbiri ndipo sanaphunzirepo zimenezi. Magalasi akagwa timatola, kupukuta, mwana n'kuvala. Sindikukana zomwe anena akatswiriwa, koma musandiuze kuti n'zophweka.

Bambo Wampira:
Aphunzitsi, n'zoona si zophweka, koma ndikuuzeni mmene zinayendera kwathu. Mnyamata wanga anayamba ali ndi zaka 10, pano ali ndi 12. Amavala aja a tsiku limodzi, m'mawa kutsegula yatsopano, madzulo kutaya. Palibe zotsuka, palibe kabokosi kosungira, ndipo kwa mwana ine sindingalole mtundu wina. M'chikwama chake mumakhala zinthu ziwiri nthawi zonse, magalasi ake ndi lens ina yosatsegula. Lamulo n'loti diso likavuta kusukulu, samba m'manja ndi sopo, chotsa, taya, vala magalasi. Osalimbana nazo. M'zaka ziwirizi zachitika katatu basi.

Sabata yoyamba ndiyo inali nkhondo. Tsiku loyamba anatenga pafupifupi mphindi 40 pa diso limodzi. Chala chikayandikira, chikope chimatseka chokha. Analira, anakwiya, anati sakufunanso. Ine ndinangoti chabwino, vala magalasi, tichedwa. M'mawa mwake ndinamupeza pa kalilole akuyesa yekha. Lero amamaliza maso onse awiri ine ndisanamalize kumanga nsapato.

Chomwe sindinkayembekezera n'choti mwanayu anasintha pa bwalo. Ali ndi magalasi ankaopa kumenya mpira ndi mutu, ndipo zam'mbali sankaziona poti galasi limathera pa felemu. Lens imayenda limodzi ndi diso, ndiye kulikonse wayang'ana akuona.

Mphunzitsi Wopuma:
Zoti m'chikwama muzikhala magalasi ndagwirizana nazo. Ndingowonjezera kuti mphunzitsi wa mwanayo auzidwe. Zisamakhale zachinsinsi, mwana akulira ndi diso lofiira ife n'kumati wamenyedwa.

Wadiso Lachipsera:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhule, chifukwa ine ndine amene agogo akuopa uja.

Ndinali ndi zaka 17, ndikuvala a mwezi umodzi. Poyamba ndinkasamala kwambiri. Kenako ndinazolowera. Tsiku lina ndinagona nawo chifukwa chotopa, m'mawa palibe chachitika. Ndinagonanso nawo kachiwiri, kachitatu, mpaka chinakhala chizolowezi. Madzi ake otsukira atatha ndinathira a pa mpopi m'kabokosi, ndikuti ndi masiku awiri okha. Usiku wina diso lamanzere linayamba kulasa ngati muli mchenga. Pofika m'mawa sindinkatha kulitsegula, kuwala kulikonse kunkandibaya mpaka m'mutu, manthongo akungotuluka. Ndinabisa tsiku lonse poopa kukalipiridwa. Limenelo ndiye tsiku lomwe ndimanong'oneza nalo bondo mpaka lero.

Kuchipatala anandithira mankhwala achikasu m'diso, n'kuunika ndi nyali ya buluu, chilonda chinaoneka poyera pa cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso lija. Anati ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, ndipo ameneyu amatha kuwononga diso m'masiku awiri okha. Ndinkadontheza mankhwala ola lililonse, usana ndi usiku, mayi anga akundidzutsa ndi alamu. Diso linapulumuka koma chipsera chinatsala chakumbali pang'ono kwa mwana wa diso. Usiku magetsi a galimoto amandionekera ngati amwazika.

Sindikuti musamupatse mwanayo. Ndikuti musaope sabata yoyamba, muope chaka chachiwiri, pamene aliyense m'nyumba wasiya kuyang'anira.

MayiWaAwiri:
Achemwali, pepani kwambiri. Ndawerenga kawiri ndipo m'mimba mwazizira.

Woyeza Maso:
Achemwali mwachita bwino kufotokoza, ndipo mawu anu omalizawo ndi omwe ine ndimauza makolo. Mwina zikudabwitsani, koma akafukufuku atasonkhanitsa zomwe zinapezeka pa ana ovala ma contact ofewa, anaona kuti ana a zaka 8 mpaka 12 sadwala maso kuposa akuluakulu, mwinanso amadwala mocheperapo. Omwe amagwa m'mavuto kwambiri ndi achinyamata a zaka zakumapeto kwa sekondale ndi ku koleji. Mwana wa zaka 9 amamvera malamulo ndipo kholo limakhala pafupi. Wa zaka 17 amadziona kuti wadziwa zonse.

Adani ndi awiri, tulo ndi madzi. Cornea ilibe mitsempha ya magazi, mpweya imautenga kunja kudzera m'misozi. Mukatseka chikope usiku mpweya umachepa kale, ndiye mukaikaponso lens, khungu lija limafooka ndipo tizilombo timapeza polowera. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limati kugona ndi ma contact kumachulukitsa chiopsezo cha matenda a diso ka 6 mpaka ka 8. Ngakhale tulo ta masana.

Madzi nawo, ngakhale oyera bwanji, ngakhale omwe mumamwa osadwala, amatha kukhala ndi kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. M'mimba sikavuta, koma kakamatirira pa lens n'kulowa mu cornea, mankhwala ake amatenga miyezi yambiri ndipo ululu wake ndi woopsa. Ndiye osasamba nawo, osasambira nawo, osatsukira madzi a pa mpopi, osanyowetsa ndi malovu. Ndipo akasamba m'manja azipukuta ziume asanagwire lens.

Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala kapena likayamba kuona chimbuuzi, chotsani lens nthawi yomweyo. Ngati silikusintha, pitani kwa a maso tsiku lomwelo, ndipo lensiyo muitenge, musataye, poti nthawi zina amaiyeza kuti adziwe kachilombo kake. Osadontheza mankhwala otsala a munthu wina. Ena mwa mankhwala a m'maso ali ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo pa chilonda chotere amakoleza moto.

Achimwene Wachindunji:
Inetu ndinena mosabisa. Zonsezi ndi mafoni. Tikuwapatsa ana mafoni kuyambira ali pa bere, kenako tikudabwa kuti maso afa. Landani foni, vuto latha. Komanso magalasiwo ndi amene amawononga maso, ukangoyamba kuvala basi mphamvu imangokwera. Bola kumupatsa ofooka pang'ono kuti diso lizigwira ntchito.

MayiWaAwiri:
Achimwene, mwana wanga alibe foni. Amakonda mabuku, ndipo bambo ake amavala -5.00. Musafulumire kuweruza.

Achimwene Wachindunji:
Pepani amayi, sindimanena inu. Ndimanena za ana a masiku ano.

Woyeza Maso:
Achimwene, mwagwira mbali imodzi ndipo ina mwaphonya. Kuyang'ana pafupi nthawi yaitali, kaya ndi foni kaya ndi buku, kuli ndi mbali yake, komanso kumtundu kumathandizira. Koma chomwe chaoneka kuti chimateteza kwambiri ndi kuwala kwa panja. Ku Taiwan, komwe vutoli lafala kwambiri, boma linayamba mu 2010 kulimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino chomwe chinkangokwera chinayamba kutsika. Izi zimathandiza kwambiri mwana amene vuto lisanamuyambe. Ndiye amayi, ngati ali ndi mng'ono wake muzimutulutsa panja.

Zoti magalasi amawononga maso si zoona. Mphamvu imakwera chifukwa mwana akukula, akanakhala wosavala ikanakwerabe. Zopatsa mwana magalasi ofooka dala anaziyesa kale pa ana a ku Malaysia, ndipo maso awo anaipa msanga kuposa a anzawo ovala mphamvu yokwanira.

Mayi wa Kakhanda:
Mukukambirana za zaka 9, ine wanga anayamba kuvala contact ali ndi masabata 8. Inde, masabata.

Anabadwa ndi ng'ala diso limodzi. Ndinazindikira ndikumuyamwitsa, pakati pa diso lamanja pamene pamayenera kukhala pakuda panali potuwa. Anthu ankati ng'ala ndi ya okalamba, zitha zokha. Mwamwayi sindinamvere. Madokotala anati opaleshoni ichitike msanga, chifukwa ubongo wa khanda umaphunzira kuona m'masabata oyambirira omwewo, ndipo diso lomwe silikutumiza chithunzi ubongo umalisiya n'kudalira linzake.

Pa opaleshoni amachotsa kagalasi kachilengedwe ka mkati mwa diso. Kwa akuluakulu amaikamo kena kopanga nthawi yomweyo, koma kwa khanda diso likadali kukula, ndiye ambiri amasiya kaye. Anandifotokozera za kafukufuku wa ku America wa makanda 114, pomwe ena anawaika kagalasi mkati ndipo ena anawaveka contact. Kaonedwe kanali kofanana, koma omwe anawaika mkati ambiri anabwereranso ku opaleshoni. Ndiye wanga anapatsidwa contact ya pafupifupi +30. Magalasi a mphamvu imeneyo diso limodzi lokha sizingatheke, chithunzi cha diso limenelo chikanakula kwambiri kuposa cha linzake ndipo ubongo sukanatha kuziphatikiza.

Ndinkamukulunga m'nsalu manja ali mkati, bambo ake atagwira mutu, ine ndikutsegula kachikope kakang'ono ngati chikhadabo. Iye kulira, ine kulira. Ma lens angati tinataya, sindingawerenge. Ina tinaipeza patapita sabata itamatirira pa bulangeti. Koma chovuta kuposa zonse sichinali lens, chinali kumata diso labwino maola angapo tsiku lililonse kuti lofookalo ligwire ntchito. Atayamba kukwawa ankamatula n'kukabisa pansi pa mpando.

Pano ali ndi zaka 4. Diso limenelo silifanana ndi linzake, koma likuona, amatola nalo mkanda pansi tikamata linalo. Ndiye ndikamamva anthu akuti ma contact ndi zodzikongoletsera, ndimangokhala chete.

Agogo Osagona:
Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Ine sindinkadziwa kuti khanda lingabadwe ndi ng'ala. Manja anga akunjenjemera pongowerenga.

Maso Okongola:
Moni nonse, ndili ndi ma contact a mitundumitundu, a buluu, obiriwira, a bulauni, oyenera aliyense, ana ndi akulu omwe, osafunika kuyezetsa. Ndipezeni ku inbox.

Mkulu wa Gulu:
Uthenga wotsatsa malonda uli pamwambawu ndausiya dala kuti muuone, koma mwiniwake ndamuchotsa pagulu. Palibe lens yoyenera aliyense. Maso amasiyana kukula ndi kapindikidwe, ndipo lens yothina kapena yokhwepa imakanda cornea. Ngakhale yongosintha mtundu wa diso imafunika kuyezetsa. Tipitirize.

Azakhali Achikondi:
Ndifunse nawo za mwana wa mchimwene wanga. Ndi wachialubino, ali ndi zaka 7. Maso ake amagwedezeka uku ndi uku osaima, dzuwa limamuvutitsa kwambiri, ndipo ngakhale ali ndi magalasi amawerenga buku litagunda mphuno. Kodi ma contact angamuchize?

Woyeza Maso:
Azakhali, apa ndisakupatseni chiyembekezo chopitirira. Mwa ana achialubino, kachigawo ka pakati pa retina komwe timaonera zinthu zing'onozing'ono sikakhwima mokwanira, ndiye palibe galasi kapena lens yomwe ingafikitse kaonedwe kawo pa ka anthu ena. Koma thandizo lilipo. Ambiri amafunika magalasi a mphamvu yaikulu, komanso amakhala ndi astigmatism, kupindika kosafanana kwa kutsogolo kwa diso, ndipo poti maso akugwedezeka, nthawi zambiri sayang'anira pakati pa galasi pomwe mphamvu ili yolondola. Contact imagwedezeka limodzi ndi diso, ndiye ena amaona bwinoko. Palinso ma contact opaka mtundu omwe amachepetsa kuwala kolowa m'diso. Ena amawakonda, ena saona kusintha kwenikweni.

Musanafike kumeneko, onetsetsani zosavutazi: chipewa cha mlomo waukulu, magalasi a dzuwa, kukhala kutsogolo m'kalasi koma osati moyang'anizana ndi windo, zilembo zikuluzikulu, kagalasi kokuzira zilembo, ndi ka telesikopu kam'manja koonera pa bolodi. Ndipo zoyandikiza buku kumaso musamuletse. Sizikuwononga maso, ndi mmene iye amakuzira zilembo.

Azakhali Achikondi:
Ayi ndithu, ndiye takhala tikumulakwira. Tonse timamukalipira kuti atalikitse buku.

Bambo wa Mnyamata Wamtali:
Ndiponyeko yanga mwachidule. Ngati mwana wanu amayabwa maso nthawi zonse ndipo amafikisa ndi nkhonya, musazitenge mopepuka. Wanga anayamba choncho, kenako magalasi tinkasintha kawiri pa chaka koma osaona bwinobe. Pa zaka 14 anapeza kuti ndi keratoconus, cornea yapyapyala n'kusongoka. Magalasi sangakonze chifukwa pamwamba pa diso sipali posalala. Anamupatsa ma contact olimba, misozi imadzaza mpata wa pakati pa lens ndi diso, n'kukhala ngati pasalazidwa. Tsiku loyamba anaima pa windo n'kunena kuti, kodi mitengo imaoneka masamba limodzilimodzi chonchi? Anamupanganso cross-linking, yomwe amathira riboflavin, vitamini B2, n'kuunika ndi kuwala kwa UV kuti cornea ilimbe isapitirire kusongoka. Olimbawo kuzolowera kwake kumatenga masabata, si ngati ofewa.

MayiWaAwiri:
Ndaphunzira zambiri. Koma ndifunsebe, ngati mtima wanga wakanitsitsa, njira ina palibe? Kapena ndi contact basi?

Woyeza Maso:
Zilipo, ndipo amene anamuyezawo akuyenera kukuuzani zonse. Pali magalasi a pa mphuno omwe amagwira ntchito mofanana, ali ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri kuzungulira pakati, monga MiYOSMART a kampani ya Hoya, omwe anapangidwa mogwirizana ndi Hong Kong Polytechnic University, ndi Stellest a Essilor. Kwa mwana amene sanakonzeke kugwira diso, amenewa ndi poyambira pabwino, bola azivala tsiku lonse ndipo asamatsetserekere pansi pa mphuno. Pali mankhwala a atropine osungunula kwambiri odontheza usiku, omwe anayesedwa kwambiri ku Singapore ndi Hong Kong. Palinso ortho-k, ma contact olimba omwe amavalidwa pogona, amaphwatalitsa cornea pang'ono, m'mawa n'kuchotsa mwana n'kumaona popanda kanthu tsiku lonse.

Wadiso Lachipsera:
Pepani, mwati ovala pogona? Si mwangonena kumene kuti tulo ndi mdani?

Woyeza Maso:
Mwandigwira achemwali, ndipo funso lanu n'loyenera. Amenewa anapangidwira zimenezo, amadutsitsa mpweya wambiri, koma chiopsezo cha chilonda chilipobe, ndipo chimaposa cha aja otaya tsiku lililonse. Amafuna kutsuka mosamala m'mawa uliwonse, kabokosi kusinthidwa miyezi itatu iliyonse, madzi otsukira atsopano tsiku lililonse osati kungowonjezera pa akale, komanso kupita kukaonedwa pafupipafupi. Ubwino wake ngwoti zonse zimachitikira kunyumba kholo likuona, kusukulu mwana sapita ndi kanthu m'diso. Banja lomwe silingakwanitse ndondomeko imeneyo ine sindilipatsa.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndikuseketseni pang'ono poti nkhani yalemera. Mukudziwa kuti contact yofewa inayambira pa zidole za ana? Katswiri wina wa ku Prague, Otto Wichterle, mu 1961 anapanga makina ake oyamba opangira ma lens amenewa kunyumba kwake, pogwiritsa ntchito tizitsulo ta ana tomangira zoseweretsa totchedwa Merkur, ndi dayinamo ya njinga. Zisanafike pamenepo, za m'ma 1888 anthu ankayesa zagalasi lenileni, zophimba diso lonse, zomwe munthu sankatha kupirira nazo kupitirira maola ochepa. Agogo, zimenezo ndiye mukanakomoka.

Agogo Osagona:
Aphunzitsi musandiyambe kkkk. Ine ngakhale mankhwala a m'maso amachita kundigwira anthu awiri.

MayiWaAwiri:
Abale, ndabweranso patapita masabata atatu kudzakuuzani mmene zathera. Tinakhala pansi atatu, ine, bambo ake ndi mwiniwake. Ndinamuwerengera nkhani ya achemwali a chipsera ija yonse, osadumpha. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati kugwa kwa mvula kumawerengedwa ngati madzi. Pamenepo ndinadziwa kuti wamva.

Tinapita kukaphunzira. Tsiku loyamba kuika anakwanitsa, koma kuchotsa kunamukanika, ndipo anatibweza opanda kanthu. Anati mwana sapita nawo kunyumba mpaka atatha kuika ndi kuchotsa yekha katatu iwo akuona. Analira njira yonse. Tinawenga zikhadabo, anayeserera kugwira choyera cha diso ndi chala chotsuka kwa masiku anayi, titabwerera anakhoza. Anayezanso kutalika kwa diso ndi makina, akuti ndi nambala imeneyo yomwe azidzayerekezera pakatha miyezi 6 iliyonse. Tinagwirizana kuti ndikadzangomupeza wagona nawo kamodzi, tibwerera ku magalasi, aja a timadontho. Aphunzitsi ake ndawauza, magalasi ali m'chikwama.

Dzana lens inamugwera mu sinki. Ine ndinali pakhomo, sanandione. Anaitola, anayang'ana mpopi, anayang'ana lens, ndinamva mtima wanga ukugunda m'makutu. Kenako anaiponya mu bini n'kutsegula ina.

Wadiso Lachipsera:
Mumuuze kuti azakhali ake a pa intaneti amunyadira. Koma chaka chamawa mwezi ngati uno ndidzakufunsaninso, musadzati ndikukuvutitsani.

Agogo Osagona:
Nanga bambo akewo, amene ankati tiyesere aja, akuthandiza kumuveka?

MayiWaAwiri:
Iwowo agogo? Satha n'kuyang'ana komwe. Mwana akangokweza chala kulozetsa ku diso, iwo amatembenukira kukhoma n'kumafunsa kuti, wamaliza?